Eni Ake a Seol Man-bok

Kwathu ku Gamgol dzina la mkazi limathera pa tsiku la ukwati. Akangolowa m'mudzi timamuitana ndi dzina la kumene anachokera, ndipo dzina limene anam'patsa amayi ake limangotsala pa chiphaso. Choncho a Pyo Bun-rye, amene anafika kuno ali namwali atasenza mtolo wa zofunda, mudzi wonse unkangowadziwa kuti a ku Hadong. Pamene izi zinkachitika anali atayandikira zaka makumi asanu ndi atatu, msana utapindika ngati chikwakwa, akuyenda motsamira kangolo kakale kokankhiramo mwana. M'kangolomo simunkasowa kanthu. Lero muli adyo, mawa tsabola wouma, mkuja kabichi wa mnansi amene mawondo anamukana.

Anali munthu wosadziwa kukhala pansi. Apongozi awo aakazi atafa ziwalo, anawabereka kumsana zaka zambiri, kupita nawo kuchimbudzi ndi kukawawothetsa dzuwa. Makolo a banja la a Seol, ena mwa iwo anthu amene sanawaonepo nkhope, ankawaphikira pa tsiku limene aliyense anamwalira: mpunga, nsomba youma, zitumbuwa za masamba, zonse zoyalidwa pa tebulo m'malo mwake osasemphanitsa. Azilamu a m'tauni ankabwera, n'kugwada, n'kudya, n'kumapita. A ku Hadong ankatsala ndi mbale. Sankadandaula, chifukwa paphiri la banjalo, kumunsi kwa manda a apongozi awo, panali kale mitumbira iwiri yoyandikana yopanda anthu m'kati, wina wa amuna awo, wina wawo. Kuno timakonzeratu chotero munthu akadali moyo. Ankakwera kukazula udzu pa mtumbira wawowo monga wina amasesera chipinda chimene adzasamukiremo, ndipo potsika nkhope yawo inkakhala yowala.

Amuna awo, a Seol Man-bok, anali aatali, owonda, a mawu ochepa. Pa mawu ochepawo, ambiri anali amodzi omwewo: "Imja." Ndi mmene amuna akalekale amaitanira akazi awo. Kwenikweni mawuwa amatanthauza mwini, monga mwini munda kapena mwini ng'ombe, koma m'kamwa mwa nkhalamba anatha ngati mpeni umene wanoledwa zaka zambiri, moti palibe amamvanso tanthauzolo. "Imja, madzi." "Imja, chipewa changa chili kuti?" Kwa a ku Hadong kunali kuitana basi, kosasiyana ndi kugogoda pa tebulo.

Awiriwa sankagona chipinda chimodzi. Kalekale, ana akadali pasukulu, a Seol anadwala chifuwa chachikulu n'kupatsira akazi awo. Eni matendawo anachira msanga, koma a ku Hadong anagona kuchipatala mpaka anthu anayamba kunong'onezana za maliro. Tsiku limene anatuluka, anapeza amuna awo atasamutsira zofunda zawo ku kachipinda ka kumpoto, ndipo sanabwerereko. Madokotala ananena kambirimbiri kuti chifuwa chimene chinawatsalira n'cha zipsera chabe, sichipatsirana. A Seol ankagwedeza mutu mwaulemu, n'kubwerera ku kachipinda kawo, n'kumadyabe ndi supuni yawoyawo imene ankaisunga payokha.

Munda waukulu anagulitsa pamene sitolo ya mwana wawo Yong-tae inagwa ku Busan. Chimene chinkawasunga tsopano chinali ndalama za okalamba zimene boma limatumiza mwezi ndi mwezi. Ndalamazi sizipita kwa aliyense. Amayamba aona zimene munthu amapeza, nyumba yake, munda, ndi zimene zili kubanki, ndipo kwa anthu apabanja amaphatikiza za onse awiri. Ukakhala pansi pa mzere umalandira. A Seol ndi akazi awo anali pansi pa mzerewo kutalitali. Koma palinso lamulo lina: mwamuna ndi mkazi wake akamalandira onse, aliyense amamuchotsera gawo limodzi mwa magawo asanu.

Chaka chimenecho chisanu chinalawirira, mafuta otenthetsera nyumba nawo atakwera mtengo. M'mawa wina, atangothira mchere kabichi wa kimchi, ndiwo yowawasa imene timasungira nyengo yachisanu, a ku Hadong analowa m'kachipinda ka amuna awo kukatenga beseni limene linali pamwamba pa kabati. Phazi litangoponda pansi analibweza ngati aponda minga. Panali pozizira ngati mwala wa kumtsinje, chonsecho kuchipinda kwawo mapaipi a madzi otentha a pansi pa simenti anali atafunda usiku wonse. Anazungulira kuseri kwa khitchini, kumene kuli timipopi togawira madziwo m'zipinda, n'kupeza kampopi ka chipinda cha kumpoto katatsekedwa gwa, kangaude atalukapo ulusi wakale wa fumbi. Sikanatsekedwe dzulo kapena dzana.

A Seol anali pakhonde akumanga tsache.

"Bambo a Yong-tae, mwayamba liti kugona pa ayezi ngati nsomba ya pamsika?"

Sanadzutse mutu. "Ndimamva kutentha ine."

"Kutentha? N'chifukwa chake mukugona mutavala jekete? Chifuwacho chikumveka mpaka kutsidya kwa msewu!"

"Tikatenthetsa zipinda ziwiri mafuta safika Malichi."

"Ndiye bwerani kuchipinda kwanga. Malo alipo, sindinanenepe."

"Ayi."

"Adokotala aja anati..."

"Imja. Ndati ayi."

A ku Hadong anakatsegula kampopiko. Madzulo anakapeza katatsekedwanso. Anachita motero masiku angapo, wina kutsegula wina kutseka, osauzana kanthu, chifuwa chikukulirakulira.

Masana okalamba a ku Gamgol timakhala m'nyumba yochezeramo ya m'mudzi, mmene pansi pamatentha ndi mafuta a boma, tikusewera makhadi a maluwa. Mwini nthabwala m'menemo ndi a ku Namwon, mayi wonenepa, wamasiye, amene nyumba yake yayang'anizana ndi ya a Seol.

"Achemwali, nkhope imeneyo bwanji?" anatero a ku Namwon akugawa makhadi. "Mwameza mbatata yosapsa?"

A ku Hadong anafotokoza za kampopi kaja.

"Eee, vuto lanu n'lakuti amuna anu ali moyo," anatero a ku Namwon. "Anga aja moyo wawo wonse sanandigulireko ngakhale mpango. Atangotsinzina, ndalama zanga zinakwera. Ndinachita kupita kumanda kukagwada: zikomo bambo, mphatso yanu yoyamba ndalandira!"

Azimayi onse anaseka mpaka wina kugwetsa makhadi.

"Pakamwa pakopo padzakupha iwe," anatero a ku Hadong.

"Ndikunena zoona. Komatu safunika kufa ayi. Kwa mlamu wanga kuja ena anangopita kukhoti n'kuthetsa ukwati. Aliyense akulandira zodzaza. Muone nokha, miyezi iwiri yokha mgolo wa mafuta wakwana."

Ena anati zamanyazi zimenezo, asazitchule pamaso pa anthu. A ku Hadong sanaseke ndiponso sanadzudzule. Anangoti ndwii pa makhadi amene anali m'manja mwawo, atawagwira mozondotsa.

Mawa lake anakwera basi kupita ku ofesi ya boma ya m'dera lathu. Mayi wa pawindo anawapatsa mpando ndi tiyi wa balere.

"Ndifunseko, mwana wanga," anatero a ku Hadong. "Mumatidula chifukwa chiyani? Kukhala pabanja ndi mlandu?"

"Si mlandu amayi. Lamulo limaona kuti anthu awiri a nyumba imodzi amawotha moto umodzi, nyali ndi imodzi, mphika ndi umodzi. Ndiye limati sawononga zambiri ngati anthu awiri okhala aliyense kwake."

"Moto umodzi," anabwereza a ku Hadong. Anamwako tiyi uja. "Nanga akasiyana?"

Mayiyo anaika cholembera pansi n'kuwayang'ana bwinobwino. "Akasiyana zenizeni, aliyense timamuona payekha. Koma ndikuuzeni poyera amayi, kuti musadzavutike. Anthu akathetsa ukwati kukhoti koma n'kumakhalabe nyumba imodzi, kwa ife ndi banja ndithu. Pepala lokha silikwanira."

M'basi pobwerera, a ku Hadong anakhala pawindo akuyang'ana minda ya mpunga yokololedwa kale. Ndiye kuti ayenera kutuluka m'nyumba zenizeni. Zimenezo sizinawaopse kwambiri, kwa a ku Namwon n'kutsidya kwa msewu chabe. Chimene chinawavuta chinali phiri lija. Akulu a banja la a Seol sangagoneke pakati pa makolo awo mkazi amene ukwati wake unatha kukhoti, ngakhale wina atawafotokozera chifukwa chake usana wonse. Mtumbira uja adzaufafaniza, ndipo pa tebulo la makolo, pamene iwo anayalapo mbale moyo wawo wonse, sipadzakhala mbale yawo ya mpunga. Anaika zonsezi mbali imodzi. Mbali inayo anaikako kuzizira kuja kumene kunalowa kuphazi kwawo. Pofika potsikira anali atasankha.

Anawauza amuna awo pa chakudya chamadzulo, mawu atawakonza kale m'mutu.

"Tipite kukhoti tikathetse ukwati. Ine ndizigona kwa a ku Namwon. Inu musamukire kuchipinda kwanga kotenthaku. Zanu zikwera, zanga zikwera, chipinda chotenthetsa n'chimodzi. Mufika Epulo muli ofunda."

Ankayembekeza mkuntho. Ankati mwina tebulo ligubuduzika, ndipo mayankho onse anali nawo. Koma a Seol anaika supuni yawo pansi pang'onopang'ono, n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Mwaganiza inuyo zimenezi?"

"Ndaganiza ine."

"Mukufunadi?"

"Ndikufuna."

A Seol anatsokomola, n'kupukuta pakamwa. "Chabwino."

Chabwino ameneyo anawalasa a ku Hadong kuposa kutukwanidwa. Zimene anapempha anapatsidwa, koma mbale anazitsuka mozigunditsa. Moyo wonsewu, munthu n'kuvomera mosavuta ngati akuvomera kugulitsa nkhuku!

Anapita kukhoti la m'tauni atavala zovala za kuukwati wa mdzukulu wawo. Aliyense anadinda chidindo chake, ndipo anauzidwa kuti lamulo limapereka mwezi woganizira. Mweziwo ukatha abwere onse awiri adzayankhe okha pamaso pa woweruza.

A ku Hadong sanafune kudikira kuti mtima uwabwerere. Anayamba kusamuka sabata yomweyo, zofunda pa kangolo kaja, ulendo uno pilo, ulendo winawo kabokosi ka singano.

"Takulandirani, mbeta yatsopano!" anafuula a ku Namwon ali pakhomo. "Musadandaule achemwali, ndikupezerani mnyamata. Alipo wina kumsika, wa zaka makumi asanu ndi awiri zokha, mano onse ndi akeake."

"Ukakwatiwe naye wekha, akakutafune."

Kwa a ku Namwon kunali kofunda, nkhani zosatha, koma a ku Hadong tulo sitinkabwera. Poyamba anati mwina ndi pilo, kenaka anati mwina ndi kuliza mkonono kwa mwini nyumba. Patapita masiku anazindikira kuti chikusowa ndi chifuwa. Zaka zonsezi ankagona akumvera chifuwa chija kuseri kwa khoma, ndipo chikamveka ankadziwa kuti munthuyo alipo.

Chisanagwe chipale chofewa chambiri, a ku Hadong anakwera phiri. Kangolo anakasiya kumunsi, n'kukwera chokwawa, akugwira mizu. Anazula udzu wouma pa mtumbira wawo, n'kuusisita ndi chikhato monga amasisitira msana wa mwana. Kenaka anagwada kwa apongozi awo.

"Amayi, ndine wa ku Hadong. Ndinakuberekani kumsana, mukukumbukira. Malo mwandisungirawa sindibwera. Musandikwiyire, ndi mwana wanu amene akuzizidwa."

Chipale chitagwa, m'mawa uliwonse ankapeza kanjira katasesedwa kuyambira pakhomo pa a ku Namwon mpaka pa chipata cha nyumba yawo, kotakata mokwanira mawilo a kangolo. Wosesayo sankamuona. Akafika ndi mphika wa msuzi ankapeza a Seol atakhala pakhonde, tsache lili pambali lonyowa, akupuma movutikira. Ndipo kuchipinda kotentha kuja anali asanasamukire.

"Mukudikira chiyani kulowa m'menemo?"

"Woweruza sanadinde. N'chipinda chanu."

Mudzi wathu uli ndi nyumba zambiri zimene eni ake anamwalira, ana ali kumatauni. M'mabwalo mwake mitengo ya zipatso zotchedwa gam imabereka psuu, popanda wothyola, zipatso n'kumagwa zokha pa chipale. Mwezi womwewo galu wa malemu Bang, amene ankayendayenda kuyambira pa maliro a mbuye wake, anabwera kudzamutenga anthu a boma pa galimoto. Galuyo sanalimbane nawo. A ku Hadong anaona amuna awo ataima pa chipata, chipewa chili kumanja, akuyang'ana galimotoyo mpaka inakhota pa mlatho. Anadabwa, chifukwa a Seol sanali munthu wokonda agalu.

Tsiku linafika. M'khonde la kukhoti munali anthu aang'ono atakhala motalikirana, mwamuna uko mkazi uku, aliyense maso pa foni. A Seol ndi a ku Hadong anakhala pa benchi imodzi mapewa atagundana. A ku Hadong anatulutsa dzira lowiritsa, n'kulisenda, n'kupatsa amuna awo. A Seol anali atawagwirira mpango ndi chikwama.

Bambo wina wa jekete lachikopa anawerama. "Agogo, kodi simunasochere? Za minda ndi pansi paja. Kuno n'kothetsa maukwati."

"Tikudziwa," anatero a ku Hadong. "Bambo a Yong-tae, mchere uwu."

Analowa m'kachipinda kakang'ono. Woweruza anali mayi wa magalasi, wa msinkhu wa mwana wawo.

"A Seol Man-bok."

"Ndine."

"A Pyo Bun-rye."

A Seol anacheuka kuyang'ana kukhomo kuti aone amene akulowa. A ku Hadong nawo anadikira kaye, kenaka anadzidzimuka. Dzinalo anali asanalimve likutuluka m'kamwa mwa munthu kuyambira pamene amayi awo anamwalira.

"Ndine, pepani. Ndine ndemwe."

"Amayi, mukufuna kuthetsa ukwati wanu ndi a Seol Man-bok?"

A ku Hadong anagwira m'mphepete mwa tebulo. Mawu anatuluka aang'ono koma sanagwedezeke. "Ndikufuna."

"Bambo Seol, inunso mukufuna kusiyana ndi a Pyo Bun-rye?"

"Imja akufuna."

"Ndawamva. Ndikufunsa inuyo."

"Akufuna iwowo, ndiye zikhale choncho."

"Zimenezo lamulo silindilola kulandira, bambo. Pakufunika mawu anuanu. Mukufuna kapena simukufuna?"

A Seol anazunguza chipewa m'manja. A ku Hadong anawagunda ndi chigongono, akunong'ona kuti angoti eya basi ingawasiye. Koma nkhalambayo inaimirira pang'onopang'ono, ngati mtengo wautali umene akuudzutsa ndi zingwe.

"Ndifunse kaye, a woweruza. Mukadinda pamenepo, ineyo ndikhala wa yani?"

"Simukhala wa munthu, bambo. Mukhala panokha."

"Wopanda imja," anatero a Seol, akugwedeza mutu ngati amva zimene ankaziopa. "Kumudzi kwathu zoterozo zilipo zambiri. Nyumba yopanda mwini denga silichedwa kugwa. Mtengo wopanda mwini amadya akhwangwala. Galu wa malemu Bang anabwera kudzamunyamula pa galimoto ine ndikuona."

Anatsokomola nthawi yaitali. Woweruza anawadikira.

"Ine ndinapeza mwini ndili mnyamata. Chimene anaona mwa ine sindikuchidziwa mpaka lero. Ndinatsala pang'ono kumupha ndi chifuwa changachi, koma sananditaye. Tsopano akuti anditaye kuti ndifunde. Ndinati, mwini akafuna kutaya chake, chinthucho chingakane bwanji? Ndinatinso kumene akupitako n'kofunda, kulibe chifuwa. N'chifukwa chake ndabwera. Koma inu mwati ndinene zangazanga." Anayang'ana pansi. "Kuzizira ndimakudziwa, a woweruza. Ndagona nako, sikunandiphe. Izi zinazi sindikuzidziwa, ndipo ndikuziopa. Sindikufuna."

Sanalankhulepo mawu ochuluka chotero pa moyo wawo wonse, ndipo atamaliza anakhala pansi ngati munthu amene watula thumba la mpunga.

A ku Hadong anatembenukira kwa amuna awo. Mawu aja anali atawamva m'mawa ndi madzulo kuyambira ali namwali. Imja, madzi. Imja, chipewa. Imja, ndati ayi. Ankayesa kuti munthuyo akuitana womutumikira, pamene nthawi zonsezo ankatchula mwini wake, ndipo ankatchula akudziwa chimene akunena. Anayang'ana khosi lowondalo, makutu ofiira ndi chisanu, manja okhakhala ndi tsache, n'kuchita mantha ngati munthu amene wauzidwa kuti mwala umene wakhala akutsekera chitseko zaka zonsezi ndi golide.

Woweruza anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale sanaoneke akuda.

"Mmodzi akakana, palibe chimene ndingadinde," anatero. "Pitani kunyumba, agogo. Kunja kukuzizira."

Anatuluka n'kulunjika pokwerera basi. Atakhala pa benchi m'pamene mkwiyo unawathandiza a ku Hadong kutsegula pakamwa.

"Mwatayitsa ndalama za basi maulendo awiri."

"Pepani."

"Munthu wamkulu, pamaso pa woweruza, kudziyerekeza ndi galu wa a Bang!"

"Anali galu wabwino."

"Khalani chete." A ku Hadong anawalanda mpango uja n'kupukuta m'maso, akunamizira mphepo. Kenaka anawamanga amuna awo mpango womwewo m'khosi, mwamphamvu mpaka nkhalambayo inatsokomola.

Atafika kumudzi sanakhotere kwa a ku Namwon. Analunjika kuseri kwa khitchini, n'kutseka okha kampopi ka chipinda cha kumpoto, n'kukamanga ndi waya. Kenaka analowa m'kachipindako n'kuyamba kukoka matiresi, msana wopindikawo uli patsogolo, mpaka anawatulutsa pakhomo.

"Imja, mukutani?"

"Mwanena nokha pamaso pa woweruza, ndipo anthu amva. Ndine ndani ine?"

A Seol anayankha motsitsa mawu. "Imja."

"Ndiye katundu wanga ndimuika pamene ndafuna. Tsiku lija ndinkakupemphani. Lero sindikupempha."

"Koma chifuwachi..."

"Chifuwacho n'changanso. Chinabwera ndi katunduyo."

Anayala matiresiwo pambali pa malo awo, pamene pamatentha kwambiri. A Seol anaima pakhomo la chipindacho nthawi yaitali, phazi limodzi lili m'mwamba, ngati munthu woyesa kuya kwa mtsinje. A ku Hadong sanawakoke ndiponso sanawayang'ane. Anapita kukhitchini, natenga supuni ija imene inkakhala payokha, n'kuiponya m'chitini cha masupuni onse, n'kuchigwedeza kuti isadziwikenso. Pobwerera anapeza nkhalambayo itakhala pansi m'chipindamo, zikhato zonse ziwiri itaziyala pa simenti yofundayo, maso itatsinzina.

Kunja kunamveka mawu a a ku Namwon. "Achemwali! Mbeta yanga ili kuti? Mnyamata wa mano uja ndimuuze chiyani?"

"Umuuze kuti katundu ndili naye kale, wandikwana!" anayankha a ku Hadong pawindo. "Bweretsa pilo wanga."

Ndalama zija zimabwerabe zodulidwa, aliyense gawo limodzi mwa magawo asanu. A ku Hadong salankhulanso zowawa za lamulolo. Wina akaliyamba m'nyumba yochezeramo, iwo amangoti boma linanena kalekale kuti amawotha moto umodzi, ndiye zaka zonse zija linkawadula pa chinthu chimene chinalibepo, pano n'choona. Mafuta anafika Epulo, movutikira koma anafika. Chifuwa sichinathe, koma chinafewa, ndipo a ku Hadong akuti amagona bwino chikamamveka pafupi.

Chipale chitasungunuka anakweranso phiri kukazula udzu watsopano pa mitumbira iwiri ija, ndi kukawauza apongozi awo kuti aiwale zimene ananena tsiku lija. A Seol mpweya suwalola kukwera, choncho anatsala kumunsi atagwira kangolo kuti kasagubuduzike. Ataona kuti papita nthawi, anakweza mutu n'kuitana, mawu akumveka chigwa chonse.

"Imja!"

Kale a ku Hadong akanayankha kuti mukufuna chiyaninso. Tsikulo anawongola msana mmene ungawongokere, udzu uli m'manja, n'kuyang'ana munthu wamtali uja ataima yekha pansi pa phiri.

"Eni ake ali kuno," anatero. "Dikirani pomwepo, ndikutsika."